Manda ali ku Seattle, mateche ali kwa Kalembo

Mu Disembala chaka cha 2013, mumzinda wa Hong Kong, munthu wina anagula chovala chimodzi chachikasu pa mtengo wa madola akumeneko 780,000, omwe panthawiyo anali pafupifupi madola 100,000 a ku America. Inali ovolosi yothina, ya mizere yakuda m'mbali, yomwe Bruce Lee anavala mu 1972 pojambula filimu ya Game of Death. Tsiku lomwelo anagulitsanso timitengo take tiwiri tolumikiza tija, tomwe ankazunguza pomenyana, ndipo natonso tinapita pa mtengo wa madola zikwi makumi angapo a ku America.

Kwa Kalembo, m'boma la Balaka, palibe amene anachikhudzako chovalacho. Koma imani pa Ulongwe, pamsewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi, muitane bambo aliyense amene imvi zayamba kumutuluka, mumufunse kuti wovala chikasu uja ndani. Akuyankhani asanaphethire. Mwinanso ayamba wakhudza mphuno ndi chala chachikulu, kupendeketsa mutu, n'kukukodolani ndi zala ngati akukuitanirani ndewu. Kenako aseka, chifukwa thupi lakumbuka zomwe mwiniwake ankayesa kuti anaziiwala.

Bruce Lee anamwalira pa 20 Julayi 1973 ali ndi zaka 32. Ku Malawi sanapondeko phazi. Ambiri mwa amene amamukonda kuno anabadwa iye ataikidwa kale m'manda. Komabe kwa zaka zambiri dzina lake linali pakamwa pa mwana aliyense wamwamuna kuyambira ku Ulongwe mpaka kutsidya la Shire, ku Machinga, boma lomwe dera la Kalembo linali mbali yake Balaka asanakhale boma palokha mu 1998.

Kanema anachedwa kufika

Kuti timvetse chikondi chimenechi tiyenera kukumbuka njala ya kanema yomwe inali m'dziko muno. Malawi analibe wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999 pamene Television Malawi inayamba kuulutsa. Nyumba zoonetsera mafilimu, monga Apollo ku Blantyre, zinali za anthu a m'tauni, ndipo chilichonse chooneka pamenepo chinkayamba chadutsa m'manja mwa bungwe lounika mafilimu ndi mabuku lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Munthu wakumudzi ankaona kanema pokhapokha galimoto ya boma ikabwera pabwalo la sukulu kudzaonetsa za ulimi, za umoyo, kapena maulendo a Kamuzu.

Zinthu zinasintha itafika deki ya matepi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, makamaka pambuyo pa 1994 malonda atamasuka, aliyense wopeza deki, sikirini ndi jenereta kapena batire la galimoto ankatha kutsegula vidiyo sho. Ena mwa makinawa ankabwera ndi anyamata ochokera ku Joni, atakulungidwa m'mabulangete pamwamba pa basi. Nyumba yake sinkafuna zambiri: chipinda cha njerwa zosawotcha kapena mpanda wa mphasa, mabenchi a matabwa osapala, nsalu yakuda pakhomo kuti opanda ndalama asasuzumire, ndi bolodi panja pomwe ankalemba ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo. Chimkuzamawu ankachiika panja dala. Munthu uli kumsika ukugula usipa, unkamva kulira kwa zibakera ndi mfuu yosongoka ija ya Bruce Lee, n'kudziwa kuti ndewu yafika pachimake.

Pabenchipo pankakhala Msilamu ndi Mkhristu, Myao, Mlomwe ndi Mngoni, mwana wa mphunzitsi ndi mnyamata woweta mbuzi. Mafilimu ambiri anali a Chitchaina omasuliridwa m'Chingerezi chomwe milomo sinkagwirizana nacho, ndipo ambiri mwa oonerawo Chingerezicho sankachimva. Pankapezeka mnyamata mmodzi amene anaionera kale filimuyo kangapo, n'kumafotokozera anzake m'Chiyao kapena m'Chichewa, nthawi zina kuwonjezera zakezake. Ntchito imeneyo ndi yomwe pambuyo pake inadzasanduka bizinesi, anyamata a m'tauni atayamba kuika mawu a Chichewa m'mafilimu akunja pakompyuta. Koma Bruce Lee sankafuna womasulira kwenikweni. Akavula malaya, aliyense ankadziwa chotsatira.

Anthu ophunzira akunja anazindikira kuti pamabenchi amenewa pali nkhani. Jonathan Gray, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Wisconsin-Madison ku America, anadzafufuza za mavidiyo sho a ku Malawi, ndipo mu 2011 anasindikiza nkhani yolongosola mmene mafilimu a Steven Seagal anafikira kuno kudzera m'madisiki okopera mopanda chilolezo. Njira yomwe Seagal anadzera ndi yomwe Bruce Lee anali atailambula kale.

Mnyamata wa paulendo

Anthu ambiri akafunsidwa chomwe ankamukondera amatchula liwiro la mateche. Ndi zoona, munthuyo anali wachangu. Koma Chuck Norris nayenso ankamenya, Rambo anali ndi mfuti zazikulu, Arnold Schwarzenegger anali ndi minofu yoposa ya Bruce Lee kutalitali. Ine ndikuona kuti chinsinsi chili m'nkhani zomwe mafilimu ake ankakamba, ndipo nkhanizo ndi za kwa Kalembo kuposa mmene timaganizira.

Taonani The Big Boss ya mu 1971. Mnyamata wosauka achoka kwawo kupita kudziko lachilendo, ku Thailand, kukafuna ganyu. Afikira kwa abale ake omwe anatsogola, ndipo iwo amupezera ntchito pafakitale yopanga ayezi. Pakhosi wavala kamkanda komukumbutsa lonjezo lomwe anapereka kwa mayi ake, loti sakachita ndewu. Abale ake ayamba kusowa mmodzimmodzi chifukwa atulukira kuti bwana amabisa mankhwala ozunguza bongo m'kati mwa ayeziyo. Mnyamatayo apirira, anyozedwa, ameza mate, mpaka tsiku lomwe kamkandako kaduka. Theka la filimu limatha iye asanaponye chibakera ngakhale chimodzi chenicheni.

Ndani kwa Kalembo amene sakuidziwa nkhani imeneyi? Ndi makomo angati omwe alibe mwana, mlamu kapena malume ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town? Agogo athu anapita kumigodi kudzera ku Wenela mpaka pamene boma linaimitsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Zidzukulu zawo zimapita pa basi kudzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, kukafikira kwa achimwene omwe anatsogola, kukagwira ntchito m'mashopu, m'magaladeni ndi m'mafakitale osoka zovala. Mayi akamatsanzikana ndi mwana wake pasiteji, malangizo ake ndi omwewo a m'filimu muja: ukakhale chete, kumeneko ndi kwa eni, usakayambane ndi munthu. Ndipo mu 2008 ndi 2015, ziwawa zothamangitsa alendo zitabuka ku South Africa, mabasi anabwera ndi anthu athu ali chimanjamanja, ambiri a iwo a m'maboma a kuchigawo chakum'mawa chino.

The Way of the Dragon ya mu 1972 ikubwereza mutu womwewo mwanthabwala. Mnyamata wakumudzi atumizidwa ku Rome kukathandiza abale omwe lesitilanti yawo ikulandidwa ndi zigawenga. Atsika ndege osadziwa chilankhulo, alephera kuwerenga pepala la zakudya, aloza mwachisawawa n'kupatsidwa mbale za supu zokhazokha. Anthu amuona ngati mbuli. Pamapeto ndi iyeyo amene aima ndi Chuck Norris m'bwalo lakale la Colosseum, ndipo atamugonjetsa amufunditsa malaya ake mwaulemu. Kachidutswa komaliza kameneko, kolemekeza mdani wakufa, akuluakulu a kwathu amakamvetsa popanda wowauza.

Mu Fist of Fury, ya chaka chomwecho, muli malo pomwe amukaniza kulowa m'paki ya ku Shanghai chifukwa cha mtundu wake, iye n'kudumpha kuphwanya chikwangwani choletsacho ndi theche. Bambo amene anagwirapo ntchito ku Joni kapena ku Salisbury nthawi ya tsankho, amene anaonapo mabenchi ndi zitseko zolembedwa kuti n'za azungu okha, sankafunika kudziwa mbiri ya China kuti aombe m'manja.

Mwiniwakenso anali munthu wa paulendo. Anabadwira ku San Francisco pa 27 Novembala 1940 pamene bambo ake, katswiri wa zisudzo zoimba za Chikantoni, anali paulendo wa ntchito. Anakulira ku Hong Kong komwe anasewera m'mafilimu ali mwana, anaphunzira nkhonya za Wing Chun kwa Ip Man, ndipo mu 1958 anapambana mpikisano wovina cha-cha. Chifukwa cha ndewu za m'misewu, makolo ake anamutumiza ku America mu 1959. Ku Seattle ankaperekera zakudya mulesitilanti ya Ruby Chow n'kumagona m'chipinda chapamwamba pake. Hollywood inamupatsa malo a Kato, wantchito wa ngwazi yachizungu mu The Green Hornet, koma malo a ngwazi yeniyeni inamumana. Anachita kubwerera ku Hong Kong, ku kampani ya Golden Harvest ya Raymond Chow, kuti dziko limuone. Ali ndi thupi laling'ono, khungu losakhala loyera, anaima pakati pa sikirini n'kugwetsa anthu akuluakulu kuposa iye. Kwa mwana woonda wa ku Ulongwe, umenewo unali uthenga waukulu.

Zokumbukira zosagulitsika

Kunja, chikondi cha pa Bruce Lee chili ndi malo ake oonekera. Manda ake ali ku Lake View Cemetery mumzinda wa Seattle, ndipo anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana amapitako kukasiya maluwa, makobidi ndi makalata. Pambali pake pagona mwana wake Brandon, amene anafa mu 1993 ali ndi zaka 28 ataomberedwa mwangozi akujambula filimu ya The Crow. Ku Hong Kong, m'mbali mwa nyanja ku Tsim Sha Tsui, kuli chiboliboli chake chamkuwa chomwe anachivundukula pa 27 Novembala 2005, ndipo ndalama zake anasonkha ndi anthu omukonda. Nyumba yosungira zakale ya Hong Kong Heritage Museum inatsegula chionetsero cha katundu wake mu 2013.

Chiboliboli chomwe chimandikhudza kwambiri ndi cha ku Mostar, m'dziko la Bosnia ndi Herzegovina, chomwe chinatsogola ndi tsiku limodzi kuvundukulidwa. Mzindawo unagawanika pa nkhondo ya m'ma 1990, Asilamu tsidya lina la mtsinje, Akatolika tsidya lina. Achinyamata atafuna munthu amene mbali zonse zingamuvomere, sanapeze wandale kapena msilikali. Anapeza Bruce Lee, amene onse anamuonera ali ana. Aliyense amene anakhalapo pabenchi ya vidiyo sho pa Ulongwe, phewa ndi phewa ndi mnzake wa chipembedzo china, akhoza kumvetsa chifukwa chake.

Kwa Kalembo kulibe chiboliboli. Zokumbukira zake n'zamtundu wina. Ndi chithunzi chopentedwa pakhoma la malo ometera, nkhope yake itapotoka pang'ono chifukwa wopentayo ankakopera pa chikuto cha tepi chofwifwa, koma mikwingwirima itatu yofiira pachifuwa ili pomwepo. Ndi sikipa ya pakaunjika yomwe mnyamata wa kabaza anaisankha pakati pa mulu wonse. Ndi dzina lachibwana lomwe linakakamira munthu mpaka lero, ngakhale ndi bambo wa ana asanu ndipo amatsogolera mapemphero. Ndi timitengo tiwiri todula pa mpini wakale, tolumikiza ndi tcheni cha njinga, tomwe tinatupitsa mitu ya ana ambiri asanadziwe kutizunguza. Ndi chithunzi chojambulitsa kwa wojambula woyendayenda pa tsiku la Idi kapena Khirisimasi, mnyamata atavula malaya, mwendo uli m'mwamba.

Koposa zonse, ndi masewera. Filimu ikatha ana ankathamangira kumchenga wa kumtsinje kapena kubwalo la sukulu kukabwereza ndewu yonse, ndipo mkangano woyamba unali woti ekita akhala ndani. Palibe ankafuna kukhala bwana wa zigawenga chifukwa mapeto ake ankadziwika. Mafilimuwo ankasungidwa m'miyendo ndi m'mikono, mwana wamkulu kuphunzitsa wamng'ono, kotero kuti ena ankadziwa mayendedwe a Bruce Lee asanamuone n'komwe pa sikirini.

Chodabwitsa n'chakuti si onse omwe tinkawatcha Bruce Lee anali iyeyo. Anamaliza mafilimu anayi okha a karate ali wamkulu: atatu ndatchula aja ndi Enter the Dragon, yomwe inatuluka mu 1973 iye atamwalira kale. Atangofa, makampani a ku Hong Kong ndi Taiwan anayamba kutulutsa mafilimu ambirimbiri okhala ndi anyamata ofanana naye, owapatsa mayina ngati Bruce Li, Bruce Le ndi Dragon Lee. Matepi amenewo anafikanso kuno, ndipo pabolodi ankangolemba kuti Bruce Lee. Akatswiri a pabenchi ankakangana mpaka usiku kuti weniweni ndi uti, ndipo nthawi zambiri ankalondola, chifukwa onamizirawo ankatha kutsanzira mfuu ndi tsitsi koma maso ankawalephera.

Ekita safa

Pavidiyo sho pali lamulo lomwe mwana aliyense amalidziwa: ekita safa. Amenyedwe bwanji, akhetse magazi bwanji, adzuka basi. N'chifukwa chake imfa ya Bruce Lee inali yovuta kuimeza. Madokotala ananena kuti ubongo wake unatupa, ndipo khoti lofufuza za imfa ku Hong Kong linagamula kuti inali ngozi yokhudzana ndi mankhwala a mutu otchedwa Equagesic omwe anamwa madzulo a tsikulo. Koma pabenchi pankamveka zina: kuti anamuthira poizoni, kuti akuluakulu a karate anamupha chifukwa choulula zinsinsi kwa alendo, kuti sanafe koma anabisala. Mphekesera zimenezi si za kuno kokha, zinazungulira dziko lonse. Game of Death, yomwe inamalizidwa mu 1978 pogwiritsa ntchito anthu ofanana naye, inangothira mafuta pamoto: nkhani yake ndi ya katswiri wa mafilimu amene ananamizira kufa, ndipo opanga filimuyo anaikamo zithunzi za maliro enieni a Bruce Lee. Chimenecho ndimachiona ngati chipongwe chachikulu kwa womwalira ndi banja lake, ngakhale kuti mphindi zochepa zomwe iye mwini akuoneka, atavala chikasu chija n'kumalimbana ndi chimphona Kareem Abdul-Jabbar, n'zosaiwalika.

Mbewu yomwe anafesa inamera m'njira zomwe sakanaziganizira. Jackie Chan, amene ana a m'ma 1990 anamukonda chifukwa cha nthabwala, anali mmodzi mwa anyamata omenyedwa ndi Bruce Lee mu Enter the Dragon. Bolo Yeung, wa chifuwa chachikulu uja, anachoka m'filimu yomweyo n'kudzakumana ndi Jean-Claude Van Damme mu Bloodsport mu 1988. Ndipo kunja kwa mzinda wa Blantyre, pamalo olerera ana a Amitofo Care Centre omwe anakhazikitsidwa ndi mmonke wachibuda wa ku Taiwan, ana a Chimalawi amaphunzira kung fu weniweni. Filimu ya Buddha in Africa ya mu 2019, yomwe anajambula Nicole Schafer wa ku South Africa, ikutsatira mmodzi mwa anawo pamene akulimbana ndi funso loti apite kunja kapena abwerere kumudzi kwawo. Ndi nkhani ya paulendo yomwe ija, koma tsopano wosewerayo ndi mwana wathu.

Sindikufuna kuyeretsa vidiyo sho. Aphunzitsi ndi makolo omwe ankadandaula anali ndi mfundo. Ana ankathawa m'kalasi kukakhala mumdima, ena ankaba chimanga m'nkhokwe kapena ndalama ya mayi kuti apeze yolowera, ndipo eni malo ena usiku ankaonetsa zolaula ana ali pomwepo. Mafumu ndi makomiti a sukulu omwe anaika malamulo oletsa ana kulowa nthawi ya maphunziro anachita bwino. Koma n'kulakwa kuiwala kuti kwa mbadwo wonse wa ana akumudzi, chipinda chamdima chija ndi pomwe anaonera koyamba Rome, Hong Kong, sitima zapamadzi ndi nyumba zosanjikizana, ndiponso pomwe anaona kuti munthu wonyozeka akhoza kuima n'kukana.

Lero mabenchi aja alipobe koma ambiri amadzaza pa tsiku la mpira wa ku England. Mafilimu a ku Nigeria anatenga mitima ya amayi, a ku India ndi ku Korea ali ndi anthu awo, ndipo mnyamata wofuna filimu amangopita pamalo obenera kukaikitsa mu memori khadi n'kukaonera yekha pafoni. Kuonera pawekha kulibe womasulira wa pabenchi, kulibe kukuwa kwa chipinda chonse ekita akadzuka, ndipo palibe wothamangira nawe kumchenga filimu ikatha.

Ngakhale ku Hong Kong, komwe kuli ndalama, anthu omukonda analephera kupulumutsa nyumba yomwe ankakhala ku Kowloon Tong. Inasanduka malo ogona alendo a kanthawi kochepa, ndipo mu 2019 inagwetsedwa. Chiboliboli cha ku Mostar chinabedwa mu 2024. Nanga kuno, komwe chiswe ndi chinyezi sizichedwa kumaliza katoni ya matepi?

Apa ndi pomwe nkhani ya Bruce Lee imandifikitsa kwa akatswiri athu. M'zipinda zomwezi anthu anaseka mpaka kugwa pabenchi poonera Izeki ndi Jakobo. John Nyanga, Izeki, anatisiya mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, anamutsatira mu 2021. Du Chisiza Jr wa Wakhumbata anapita mu 1999, Gertrude Kamkwatira mu 2006. Mwana wa kwa Kalembo akhoza kupeza pa intaneti filimu iliyonse ya Bruce Lee yowala bwino ngati yajambulidwa dzulo, chifukwa banja lake, motsogozedwa ndi mwana wake Shannon, ndi makampani a mafilimu anasamala ntchito yake. Zisudzo za akatswiri athu zambiri azipeza zili zidutswa zosaoneka bwino, zokopedwa pa tepi yotopa. Zovala zomwe ankavala pasiteji, zikwangwani zoitanira anthu ku zisudzo zawo, mapepala omwe ankalembapo masewero, zonsezi n'zoyenera kukhala pamalo poti mwana wasukulu akazione, kaya ku Chichiri Museum ku Blantyre kaya ku National Archives ku Zomba.

Chimodzimodzinso mbiri ya vidiyo sho. Anthu omwe anatsegula malo oyamba pa Ulongwe, pa Liwonde ndi pa Ntaja akukalamba. Kuchokera ku University of Malawi ku Zomba kukafika ku Ulongwe ndi ulendo wa maola ochepa pa minibasi, ndipo wophunzira wa zisudzo kapena wa mbiri safunika zambiri kuposa foni yojambula mawu ndi ulemu pofika pakhomo. Akawafunse akuluakuluwo kuti deki yoyamba inachokera kuti, anaigula ndi ndalama za thonje kapena za ku Joni, pakhomo ankalipiritsa matambala angati, matepi ankabwereka kwa yani, ndi filimu iti yomwe anthu ankaiumiriza kuti ibwerezedwe mpaka tepi inaduka.